Mahatchi Mazana Anayi pa Chingwe cha Mbuzi

Lolemba, 5 Meyi

Kudzuka 5 koloko. Pemphero, kusamba, njinga. Pageti pa Mayi, abwana anga, 6 koloko ndendende, monga masiku onse zaka zitatu zino.

Galimoto ndaitsuka, ndaipukuta ndi nsanza yofewa ija. Kuwala kwake mpaka ndinadzionera imvi pa chitseko. Zachuluka.

Kenako mwambo wanga wa m'mawa. Kutsegula boneti, kuona oyilo, kuona madzi. Dzanja pa chiwongolero, kapemphero, kuliza. Ndimaisiya ikulira payokha mphindi makumi anayi kuti itenthe bwinobwino. Ndi mmene ndinkachitira ndi lole ya dizilo ija zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sinandigonekepo patchire.

Injini ya iyi ukaiona umavula chipewa. Yadzaza boneti yonse, polowetsa chikhatho palibe. Kulira kwake kwa pansipansi, ngati abesi a m'kwaya akuyesa nyimbo kukamwa kuli kotseka. Malemu a Dokotala, amuna a Mayi, anaigula yatsopano, ndipo Mayi mpaka lero amaitcha "mkazi mnzanga". Amati bambo akadzuka ankayamba kulonjera iyo, iwo pambuyo.

Ulendo wa lero: kogula mankhwala, kwa telala, kunyumba. Makilomita asanu ndi imodzi onse pamodzi. Sindinapitirire 40. Wanjinga wonyamula makatoni anatipitirira n'kutembenuka kutiyang'ana. Ayang'ane. Ndanyamula mayi wa zaka 74 m'galimoto ya malemu.

Tsopano chimene ndagulira kope lino. Pakamwa chikukana, mwina papepala chituluka.

Pali kanyale. Kachikasu, kooneka ngati kainjini, pafupi ndi singano ya liwiro. Kanayaka masabata atatu apitawo ndipo sikanazime. Ndinakamata. Ndi sitika ija anatigawira kutchalitchi, yolembedwa kuti MULUNGU AKUONA. Inakwanapo ndendende ngati ndinachita kuyeza.

Ndinati ndi za tsiku limodzi. Lero la 21.

Lachiwiri, 6 Meyi

Chifukwa chake ndilembenso, kuti ndisamadzinamize. Mwana wa Mayi, a Loya, ananena pa khonde chaka chatha ine ndikumva: "Tsiku limene idzangoyamba kuvuta, tigulitsa. Masiku ano galimoto amaitanitsa pafoni." Ikagulitsidwa, dalaivala wa chiyani? Zaka 56. Wotsiriza wathu akadali pasukulu.

Masana Mayi akupumula ndinatulutsa buku la galimoto m'kabokosi ka kutsogolo. Lonenepa ngati la nyimbo. Chizungu chake ndimachimva, sukulu sinapite pachabe. Ndakopera izi, chifukwa zimandikondweretsa:

Masilinda asanu ndi atatu, anayi uku anayi uku, atakhala mopendekeka ngati chilembo V. Kukula kwa injini, malita asanu. Mphamvu, akuti yofanana ndi ya mahatchi mazana anayi. Oyilo malita asanu ndi anayi, wopyapyala, osati phala lija tinkathira mu lole. Petulo wabwino yekhayekha. Kuchoka poima kufika pa 100, masekondi osakwana asanu ndi limodzi.

Ndinawerenga mwakachetechete kuyambira 1 mpaka 6. Lole yanga pamenepo ikanakhala ikadali kuganiza ngati inyamuke.

Tsamba la kanyale nalo ndinalipeza. Kakayaka osaphethira, pitani kwa makanika msanga. Kakamaphethira, imani pomwepo. Ndinatukula kangodya ka sitika. Sikakuphethira. Ambuye ndi abwino, ngakhale kwa anthu ngati ine.

Koma madzulo pa magetsi a pamphambano inatsokomola. Kunjenjemera pang'ono, mpando kugwedezeka. Mayi ali kumbuyo: "Mkazi mnzanga ali ndi chimfine kodi?" Ine: "Ndi mphepo, Mayi." Mphepo yake iti, dzuwa likuswa mtengo.

Bodza lachiwiri. Loyamba lija n'lomata, ili n'lolankhula.

Lachinayi, 8 Meyi

A Loya anabwera. Suti, mafoni awiri, kiyi wa galimoto yawo akumuzunguza pachala. Munthu wabwino ndithu, kungoti chilichonse amachiona ngati mlandu wofunika kutsekedwa.

Pali amene akuifuna galimoto. Agwirizana ndi Mayi chonchi: Loweruka la sabata ya mawa, pa 17, abwera ndi katswiri woyesa magalimoto. Ikapezeka ili bwino, ikhala, ndipo nkhani yogulitsa ithera pomwepo. Ikapezeka ndi vuto, ikupita. Mayi anangoti, "Tamva," n'kumakonzakonza nsalu ya patebulo yomwe inali yokonza kale.

Potuluka anasuzumira m'kati, n'kuwerenga sitika mokweza. Anandigwira paphewa: "N'chifukwa chake timakudalirani, a Dikoni." Ndikanakonda akanandimenya khofi.

Kunyumba ndinalephera kudya. Mayi a ana anandiyang'ana kawiri kokha, ndinaulula zonse. Sanakalipe. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Anzanu amabisa tchimo kuti Mulungu asaone. Inu mwatenga Mulungu yemweyo kukhala chivindikiro." Kenako nkhope inasintha. "Imbirani achimwene."

Alamu. Pa anthu onse a pansi pano. Makanika wa magalimoto akuluakulu, dzanja labwino, koma pakamwa ngati lumo. Chiyambire tsiku la ukwati wathu sanasiye kundiseka.

Ndaimba.

Lachisanu, 9 Meyi

Mayi anali ndi dokotala wa maso, maola awiri. Alamu anandipeza poimika magalimoto pachipatala nthawi ya nkhomaliro, ovololo yamafuta, kachikwama m'manja.

Atawerenga sitika anakhala pansi penipeni, pa simenti. Ndinadikira amalize kuseka. Mlonda mpaka anabwera kudzafunsa ngati akudwala.

Kenako ntchito. Analumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero. Kananena zonse ngati mwana wosasunga chinsinsi: silinda yachisanu ndi chimodzi ikumaphonya moto. Anachotsa pulagi yake, kachitsulo koyatsa petulo m'kati muja. Yakuda bii, mwaye wokhawokha ngati kunsi kwa mphika. Ananunkhiza oyilo, n'kundinunkhitsa. Fungo la petulo.

Mafunso ngati kupolisi. M'mawa mumailiza nthawi yaitali bwanji? Ulendo wautali kwambiri ndi wa kuti? Liwiro? Ndinayankha monyadira, poganiza kuti andiyamika. Makumi anayi. Kutchalitchi, makilomita anayi. 40, pena 45 potsetsereka.

Anavula kapusi n'kuigwira pamtima ngati pamaliro. "Alamu, mahatchi mazana anayi mwawamangirira pa chingwe cha mbuzi. Galimotoyi mukuipha ndi ulemu."

Akuti injini ya petulo yamasiku ano sifuna kuotha moto m'mawa ngati nkhalamba. Kuliza, theka la mphindi, kunyamuka. Ikamangolira poima ndi kuyenda timaulendo tatifupi, sitentha mokwanira. Petulo sapsa yense, wina amasanduka mwaye, wina amatsikira mu oyilo. Zaka zitatu za zimenezo.

Ndinafunsa ngati yafa. Anagogoda injini ndi chala. Akuti ya mtundu uwu ili ndi tcheni chachitsulo m'kati, osati lamba woduka. Sikudontha paliponse. Yayenda makilomita 41,000 okha m'zaka khumi ndi ziwiri, pamene zinzake zimene amazisamala zadutsa 300,000 zikuseka. Pofooka pake ndi pampu ya madzi ndi makoyilo opereka moto ku mapulagi, ndipo apa zonse zili bwino. "Ilibe matenda. Ili ndi dalaivala."

Mankhwala: mapulagi onse asanu ndi atatu, oyilo watsopano, kenako ulendo wautali pamsewu waukulu. Ndinati kodi sitingachite mwakachetechete. Anati galimoto ya eni salowetsa m'galaja mwini asakudziwa, ngakhale wapempha ndi mlamu. Ananena zoona. Zinandiwawa kuti wonena zoona lero ndi iwowo, munthu woti kutchalitchi amangopitako pa maukwati.

Sitika ndinaimatanso Mayi asanatuluke. Yakhala mopendama.

Lamulungu, 11 Meyi

Dzulo sindinalembe. Ndinalima kuseri kwa nyumba malo olima kale.

Lero inali nthawi yanga yotsogolera pemphero lolapa. Ndinaima kutsogolo, mawu akutuluka bwinobwino, anthu akuvomera. Mayi pa benchi yachitatu, maso otseka. Panja pawindo galimoto ili phee pamthunzi, ikundidziwa.

Chimene chikundipweteka kwambiri si mantha a ntchito ayi. Ndi kunyada. Ndinkadziona ngati wosamala kuposa madalaivala onse. Anzanga akamathamanga ndinkapukusa mutu, mumtima ndikuthokoza kuti sindili ngati iwo. Pamene ine ndikutsamwitsa galimoto ya malemu m'mawa uliwonse, ndi pemphero pamwamba.

Mawa ndinena. Mayi a ana andisitira malaya oyera. Akuti munthu azichotsedwa ntchito akuoneka bwino.

Lolemba, 12 Meyi

Ndanena.

Ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinakana mpando. Kapusi m'manja, ndinayambira pa chiyambi: kanyale, sitika, mphepo ija, alamu pachipatala. Ndinati ngati n'kuchoka ndichoka, koma galimoto ilibe mlandu.

Anamaliza kaye tiyi. Kenako: "A Dikoni, maso anga ndi ofooka koma si akhungu. Tsiku lamvula lija kunja kutada, chilembo O cha AKUONA chimawala ngati mwezi."

Anadziwa. Masabata awiri.

Akuti anakhala chete chifukwa nawonso amaopa a Loya. Ankati akapanda kufunsa, ndiye kuti sakudziwa, ndipo akapanda kudziwa, sananamize mwana wawo. "Ochimwa tilipo awiri. Inu munamata, ine ndinatsinzina."

Koma sanandisiye choncho. Anati pa zaka makumi atatu za unamwino anaona anthu ambiri obisa chotupa pansi pa malaya mpaka mochedwa. Chinthu chikayaka ndizinena tsiku lomwelo, kaya n'cha galimoto kaya n'cha m'thupi mwanga. Mawu amenewo analowa. Ndinalonjeza.

Nditafotokoza za mwaye ndi chingwe cha mbuzi, anaika kapu pansi n'kuyamba kuseka. Akuti zaka zitatu akhala akudabwa kuti analakwanji kuti aziyendetsedwa ngati ali kale m'bokosi. Ankaganiza kuti ndimawaona okalamba kwambiri, ndipo ankachita manyazi kunena. Ine ndinkaganiza kuti ndi ulemu umene akufuna. Zaka zitatu, munthu kutsogolo munthu kumbuyo, aliyense akupirira mnzake.

Malemu, akuti, Loweruka lililonse ankaitulutsa kunja kwa tauni mpaka pa mlatho waukulu ndi kubwerera. Ankati akukaitsuka kukhosi. Mayi ankakhala kutsogolo.

Aimbira okha alamu. Lachitatu ku galaja. Nawonso a Loya, Mayi awauza okha, zonse, ndi za sitika zomwe. Ndi bwino choncho.

Sitika ndinaimatula pamaso pawo. Anaitenga n'kuiika m'kachikwama.

Ndadya mbale ziwiri.

Lachitatu, 14 Meyi

Ku galaja tsiku lonse. Kulowa ndi galimoto imeneyi amakanika onse anasiya ntchito kudzaona. Alamu anali atawauza kale. Wina anandipatsa mpando n'kunena kuti ndikhale pang'onopang'ono, ndisapitirire 40.

Mapulagi akale anawandandalika patebulo, asanu ndi atatu, onse akuda, yachisanu ndi chimodzi kuposa anzake. Ndinawayang'ana ngati machimo anga ataikidwa pamzere. Atsopano oyera, nsonga yopyapyala ngati singano. Oyilo wakale anatuluka ngati madzi a m'chithaphwi. Watsopano ngati uchi. Ndinawerenga ndekha mabotolo, asanu ndi anayi, monga mwa buku. Sefa ya oyilo, sefa ya mpweya.

Kuliza. Zii, kenako kulira kosalala kuja. Alamu anaimika ndalama yachitsulo chamm'mbali pamwamba pa injini ikulira. Sinagwe. Anandiyang'ana ngati aibereka okha.

Kanyale kazima. Koma akuti ndisavine. Mwaye wina ukadali m'kati ndi mu ekizozi, ndipo katswiri wa Loweruka sapusitsika ndi kanyale kozimitsa dzulo, makina ake amaona ngati galimoto yayendadi chizimitsireni. Pafunika makilomita 150, injini itenthe, ipume mokwanira. Pa 100 pamene chikwangwani chikulola, ndipo kangapo ndiiponde mpaka pansi. "Mukabwera nayo ikununkha ulemu, ndikatenga mlongo wanga."

Sindinawauze kuti moyo wanga wonse sindinapitirirepo 80. Lole ija inali yotsekera pamenepo.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndilemba mofulumira.

9 koloko m'mawa. Ndatsegula chitseko cha kumbuyo monga mwa nthawi zonse, Mayi anachilambalala n'kukakhala kutsogolo. Mpango womanga pachibwano, magalasi akuda akalekale. Lamba anamanga okha. Pemphero ndinapemphera lalitali kuposa masiku onse mpaka iwo anati ameni ine ndisanamalize.

Theka la mphindi, kunyamuka. Zinandivuta ngati kutuluka m'nyumba osasamba.

M'tauni 50. Titadutsa malo omwetsera mafuta otsiriza, msewu unatambasuka, chikwangwani cha 100. 60. 70. Pa 80 phazi linaima lokha. Mayi osandiyang'ana: "Tikudikira ndani?"

90. 100.

Ndinkayembekeza kugwedezeka, phokoso, chiwongolero kulimbana nane. Palibe. Galimoto inangokhala pansi, n'kukhazikika ngati munthu amene wafika kwawo. Singano ya injini pansi pa 2,000, ngati sikugwira ntchito n'komwe. Zaka zitatu ndakhala nayo, lero ndi pamene takumana.

Pa chitunda chachitali tinapeza lole yodzaza matumba ikukwawa pa 40, utsi kumbuyo. Ndendende ngati yanga ija. Mzere wowonjezera wopitirira unalipo, kutsogolo mbee. Ndinati Ambuye mundigwire, n'kuponda mpaka pansi.

Abesi aja anatsegula kukamwa.

Msana unamatirira kumpando. Pagalasi ndinaona kautsi kakuda katatsalira m'mbuyo, kamodzi kokha, mwaye wa zaka zitatu. Ndisanamalize kupuma lole inali kadontho. Ndinachotsa phazi singano itangokhudza 100, ndikulumbira. Mwina inapitirira ndi kachala. Ndi kachala kokha.

Ndipo apa ndiulule: ndinaseka. Mokweza, ngati mwana. Dikoni wa mpingo, bambo wa ana anayi. Zinandikoma mpaka m'mafupa.

Nditacheukira kwa Mayi, misozi ikutsika pansi pa magalasi, koma akumwetulira. Anasisita dashibodi n'kunena kuti, "Mawu ake ndi omwewa. Ndinawaiwala."

Pa mlatho tinaima. Anatuluka, anaima pa chitsulo kwa kanthawi. Ine ndinatsegula boneti kuti ndiwapatse mpata. Kutentha bwino, kosadontha, fungo loyera. Pobwerera tinapitirira malole ena atatu. Kupitirira yachitatuyo sikunali kofunika kwenikweni.

Makilomita 164. Kanyale zii. Petulo yatsika ndithu, mahatchi amadya, koma modabwitsa osati ngati mmene imamwera m'tauni.

Mawa katswiri.

Loweruka, 17 Meyi

Anafika 10 koloko. Bambo wamfupi, wosalankhula, tochi pakamwa. Ola limodzi ndi theka. Pansi pa galimoto, m'boneti, makina ake, kenako anaiyendetsa yekha a Loya ali pambali. Ine ndi Mayi pakhonde ngati makolo odikira zotsatira za mayeso. Tiyi anazizira.

Atabwerera anapukuta manja nthawi yaitali. A Loya anafunsa kuti vuto lili pati. Anati matayala awiri akumbuyo akalamba, asinthidwe. Injini? "Imeneyi idzakuikani m'manda nonse muli panowa, iyo ikadali kulira. Mukafuna kugulitsa, musauze wina, uzani ine."

Mayi anati sakugulitsa. A Loya anakweza manja. Mlandu watsekedwa.

Asanapite, a Loya anandiitanira pambali. Anayang'ana kachizindikiro ka guluu kotsala pa dashibodi, n'kuyang'ana ine. Anati amayi awo awafotokozera zonse, ndipo poyamba anakwiya kwambiri. Koma dzulo madzulo anawaimbira n'kulankhula ola lathunthu za mlatho ndi za bambo awo, zinthu zimene sanazitchulepo chichokereni maliro. "Kanyale kakadzayakanso, woyamba kudziwa ndikhale ine." Ndinati woyamba akhala Mayi, inu wachiwiri. Anaganiza pang'ono, n'kuvomera.

Alamu ndawaimbira kuthokoza. Akuti mlongo wawo akhale kaye.

Lachisanu, 23 Meyi

Sabata yonse osalemba, kunalibe cholapa. Matayala asintha. M'mawa theka la mphindi basi, ndipo mphindi makumi anayi zija ndikumathirira maluwa.

Lamulo latsopano la Mayi: Lachisanu lililonse, mlatho. Akuti ndi malangizo a makanika, sitingachitire mwina.

Sitika yabwerera. Ndinaipeza m'mawa uno, aimata okha. Osati pa kanyale. Pamwamba pa singano ya liwiro, kungodutsa pa 100 pang'ono.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa cholapa chapezeka. Popemphera lero ndinapempha ulendo wabwino, chitetezo, nzeru. Kenako, ndisanadzigwire, ndinapemphanso kuti pa chitunda paja tikapeze lole. Kodi munthu angapemphe zimenezo? Ndiwafunsa abusa Lamulungu, kapena mwina ndisa

Hutala. Mayi akuliza okha, ali kale kutsogolo.